Galimoto ya a Madlala Yasiya Kuyetsemula

Germiston
10 Febuluwale 2008

Okondedwa Ababa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi amayi kumeneko ku Nsabwe. Kaya bondo lija likuvutabe ndi mvulayi? Ine kuno ndili bwino, chimfine chokha ndiye chinandigwira koma chapita. Ndalemba kalata chifukwa pa foni paja timangokuwa, inu osamva, ine mayunitsi akutha. Mainjini a pa esiteti anakudyerani makutu, ndiye tizingolemberana monga kale.

Abwana a pa galaja, Mpwitikizi uja, andipatsa ntchito yoyamba yaikulu. Chibwerereni kuno ndakhala wotsuka zitsulo ndi kusintha oyilo, koma sabata yatha anati ndimasule ndekha injini ya galimoto ina imene inapsa gasiketi ya ku hedi. Akuti ikayenda bwino andilemba ngati makaniko, ndiponso andilembera kalata yothandiza pa mapepala anga. Mwini galimotoyo ndi a Madlala, omwewo eni malo amene ine ndi Zakeyu wa ku Goliati tikuchita lendi ku lokeshoni. Ali ndi maminibasi awiri, koma mtima wawo uli pa kagalimoto kofiira kameneka.

Ndi ka petulo koma kali ndi tebo. Inu tebo mumaidziwa pa malole onyamula tiyi aja, koma kuno achinyamata amaonjezera kachitsulo kena kamene amati dampu valavu. Tebo imakankhira mpweya mu injini. Dalaivala akachotsa phazi kuti asinthe giya, khomo la mpweya limatsekeka, mpweyawo n'kusowa kolowera. Ndiye valavuyo imatseguka n'kuutaya kunja, imvekere tshii! ngati mbuzi yayetsemula. A Madlala akamalowa mu lokeshoni ana amathamangira phokoso limeneli, iwo ali mwee.

Hedi ndinaipititsa kokapala, ndabwezera, mabawuti ndamanga motsatana monga munandiphunzitsira pa thirakitala ija. Gasiketi ya ku manifodi, kumene mpweya umalowera, yoyenera sinapezeke. Abwana anandipatsa ina yofananako, anati ndipake silikoni igwira. Injini yalira bwino, madzi sakuchepa, utsi woyera watha.

Ndatumiza marandi 400 kudzera kwa dalaivala wa basi yemwe uja. Theka mupereke kwa amake Tisungeni ku Changata, agulire mwana yunifolomu. Auzeni asamapite kothyola tiyi mvula ikugwa, chifuwa chawo mukuchidziwa. Kuno magetsi ayamba kuzimazima ngati kwathu, ufa nawo wakwera.

Mundiperekere moni ku mpingo.

Ine mwana wanu,
Reinford


Germiston
9 Malichi 2008

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, ndiponso kuti chimanga chakhwima osagwa ndi mphepo. Ine moyo ulipo.

Galimoto ija yabwerera. Gasiketi ilibe vuto, koma valavu yasiya kuyetsemula. A Madlala akachotsa phazi, m'malo mwa tshii ikumveka kwe-kwe-kwe ngati nkhanga yaona galu. Ndiye kuti valavu sikutseguka, mpweya ukubwerera kukamenya mapiko a tebo, ndipo zikapitirira tebo imatha. Chosokoneza n'chakuti nthawi zina ikuyetsemula bwinobwino, kawiri katatu, kenako nkhanga ija yabweranso.

A Madlala anafika pa galaja atakwiya. Anati, "Ndinabweretsa galimoto yolankhula, mwandibwezera nkhuku." Abwana anangoloza ine ndi sipanala.

Ndikuuzeni zimene ndayesa, mwina inu muona pamene ine sindikuona. Valavuyi imatsegulidwa ndi kapaipi kakang'ono ka labala, kukula ngati chala cha mwana, kochokera ku manifodi. Phazi likachoka, manifodi imayamwa, kapaipiko n'kukoka valavu. Ndinayamba ndi kameneko. Kanali kouma, ndaika katsopano. Ndinayamwa ndi pakamwa, valavu ikutseguka ndithu. Injini ikulira ndinaika chala pa kamlomo ka manifodi pamene kapaipiko kamalowa, ndipo kakuyamwa. Ndinamasula valavu yonse, kutsuka, kupaka girisi, kufewetsako sipuling'i. Titayesa pa msewu inayetsemula mpaka pa maloboti achiwiri, basi.

Vuto lina ndi nthawi. A Madlala galimoto amayendera mkati mwa sabata, amaisiya kwa ine ola limodzi kapena awiri, injini ili yotentha yosagwirika. Iwo akufuna aziisiya Loweruka tsiku lonse. Ndinawauza kuti Loweruka ndi Sabata. Abwana anati, "Kodi Mulungu wako ndiye adzalipire tebo?" Ine ndinakanabe. Musadandaule, ku tchalitchi ndikupita.

Kunyumba tsopano ndikumalowera kuseri, chifukwa ndikadutsa pakhomo pa a Madlala amandifunsa za nkhuku yawo pamaso pa anthu. Zakeyu akuti tisamuke, koma chipinda cha mtengo umenewu sichipezeka. Iye ntchito yomanga ikuyenda, akupereka moni. Akuti wina akapita ku Goliati akawauze amayi ake kuti malata asagule kaye, abwera nawo maganizo ena.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Ndidzalongosola bwino zikakhazikika. Nthochi za kumunsi zija zikakhwima gulitsani, musadikire ine.

Mwana wanu,
Reinford


Germiston
13 Epulo 2008

Okondedwa Ababa,

Kalata yanu ndinalandira, pamodzi ndi kathumba ka kalongonda kochokera kwa amayi. Tinaphika tsiku lonse pa palafini, Zakeyu akudandaula mafuta, koma pakudya ndiye anandiposa. Ndamva kuti Tisungeni anadwala malungo ndipo wachira. Mulungu alemekezeke. Ine ndili bwino.

Mwati pa malole anu mphamvu ikamathawa mumapaka thovu la sopo m'mapaipi. Ndinachita zomwezo. Ndinatseka paipi yaikulu ndi chitini, kulowetsa mpweya wa kompulesa, n'kupaka thovu polumikizira ponse. Pansi, pafupi ndi redieta, panatuluka thovu lalikulu, kilampu yogwira paipi inali yosamanga bwino. Ndinasangalala, mpaka ndinauza abwana kuti ndaipeza. Galimoto inayamba kukoka kuposa kale, a Madlala anapita akuseka. Mawa lake anabwera osaseka. Mphamvu ilipo, koma nkhanga ilinso pomwepo, ndipo tsopano ikulira mokweza poti mpweya wachuluka.

Abwana anati valavu yatha, tiitanitse ina, adzadula pa malipiro anga. Ndinawapempha kuti tiyambe tabwereka. Mnyamata wina wa galaja yoyandikana nafe ali ndi yofanana nayo pa galimoto yake. Tinasinthanitsa. Yathu pa galimoto yake ikuyetsemula osaphonya. Yake pa ya a Madlala, kwe-kwe-kwe. Ndiye valavu ilibe mlandu, ndipo za kudula malipiro zayamba zaima. Abwana anakanda mutu, anati kwawo ku Beira galimoto yotere amangoigulitsa.

Mawu anu ena aja ndikuwaganizira, akuti chinthu chikayamba kuvuta chitachoka m'manja mwako, ubwerere monse mmene manja ako anadutsa, ngakhale pamene ukuti m'pabwino. Pamene sindinabwerere ndi mkati mwa manifodi. Kuti ndimasule pamafunika galimoto igone pa galaja masiku angapo, ndipo a Madlala akukana. Akuti kumasula kwanga n'kumene kunabweretsa zonsezi.

Masiku ano mu minibasi sitikulankhula Chichewa. Ine ndi Zakeyu timangokodolana. Pali timisonkhano tina ku lokeshoni timene ife satiitana. Si nkhani yoti amayi aimve, ndi zolankhula chabe za anthu osowa ntchito.

Za amake Tisungeni kubwera kuno kudzacheza mu Juni, pasipoti apitirize kukonza, koma tikiti ndidzanena ine. Chimanga mukakolola musagulitse ngakhale thumba limodzi, chaka chino mitengo ikwera. Mankhwala a anankafumbwe mugule msanga asanadule. Ndaikamo marandi 200.

Ndine wanu,
Reinford


Germiston
11 Meyi 2008

Okondedwa Ababa,

Moni nonse. Ndikhulupirira kuzizira sikunayambe kwambiri kumeneko. Kuno m'mawa madzi a pa mpopi akuluma zala. Thupi lili bwino.

Ndilemba mwachidule poti wonyamula kalata akunyamuka masana ano. A Madlala avomera. Chawagonjetsa si mawu anga ayi, koma tebo yayamba kulira kachiphokoso kena kopyapyala, ndipo atafunsa mtengo wa yatsopano anakhala pansi. Anandiitana pakhomo pawo, ulendo woyamba chiyambire nkhaniyi, mpaka anandipatsa mpando. Anati, "Malawi, ndikupatsa sabata imodzi. Lachinayi ndiisiya. Ikakanika, usamuke pano, ndipo abwana ako ndiwauza akuchotse." Ndinati ndamva. Sanalankhule mokalipa, anangonena ngati akunena mtengo wa tomato.

Maganizo anga ali pa kamlomo kaja ka pa manifodi. Pa chala kamayamwa, inde, koma pamenepo injini imakhala ikungolira payokha. Valavu imafuna kukokedwa mwamphamvu ndiponso mwadzidzidzi. Mwina mkatimo muli chinthu chimene chimalola pang'onopang'ono koma chimakana zadzidzidzi. Ndinalowetsa waya, anadutsa. Komabe ndikufuna ndione ndi maso.

Ndidzamasula Lachinayi ndi Lachisanu, dzuwa lisanalowe ndidzasiya, Lolemba n'kumanga. Gasiketi yoyenera ndaipeza kwa Mmwenye wina ku Benoni, ndagula ndi ndalama yanga, abwana sakudziwa.

Mwafunsa za mapepala. Masiku a mu pasipoti anatha kalekale, Ababa, ndisakunamizeni. Anzathu ambiri ali chimodzimodzi. Kalata ya abwana ija ndi imene ndikudikira.

Denga la khitchini likadontha musakwere nokha. Mupemphe a Blackson oyandikana nafe aja, ndidzawaona ndikadzabwera.

Mwana wanu,
Reinford


Pa bwalo la polisi
27 Meyi 2008

Ababa,

Ndili moyo, sindinavulale. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikudziwa zimene mwamva pa wailesi. Amayi ndi amake Tisungeni muwauze lero lomwe. Foni inatayika, n'chifukwa chake simumandipeza.

Kalatayi yabwera ndi Zakeyu, wakwera mabasi amene atumizidwa kudzatenga anthu. Mukamuona musadzidzimuke ndi dzanja lakelo, ndipo musamufunse zambiri. Akafuna adzanena yekha. Ngati n'kotheka wina amuperekeze mpaka ku Goliati, asafike yekha pakhomo pa amayi ake. Ku chipatala cha mishoni akamuonenso, kuno anangomanga mwachangu.

Tikugona m'matenti, anthu ambirimbiri, a ku Mozambiki, a ku Zimbabwe, ife. Usiku kukuzizira kwambiri. Anthu a mipingo akubweretsa buledi, supu ndi mabulangete. Ndakumana ndi mayi wina wa ku Milanje, ku Mozambiki, amene amalankhula Chilomwe chenicheni ngati cha agogo, ali ndi ana atatu, mwamuna wake sakudziwa kumene ali. Ndikumawatungira madzi.

Katundu wa m'chipinda musawerengerenso. Zovala zimene ndinagulira Tisungeni zinali momwemo.

Amene anatitulutsa ndi a Madlala. Linali Lamulungu m'mawa, tikumva phokoso la anthu othamangitsa alendo kumtunda. Anabwera ndi minibasi mpaka pakhomo, anati, "Lowani, mugone pansi, mutu usaoneke." Tinalowa anthu asanu ndi mmodzi. Zakeyu anabwerera kukatenga pasipoti. Tinamudikira, a Madlala injini osazimitsa, ndipo anafika, koma anali atakumana nawo kale anthuwo. Pa msewu anatiimitsa kawiri. Ndinamva a Madlala akuseka nawo, akuti akupita kukamwetsa mafuta. Titafika pano ndinafuna kuwathokoza. Anati, "Usandithokoze. Galimoto yanga ili chimasulire. Ukafa iwe, mabawuti ake adziwa ndani pamene unaika?" Kaya amanena zoona kaya nthabwala, nkhope yawo sinaonetse.

Mundifunsa chifukwa chimene sindinakwere basi. Dzina ndinalembetsa, koma atayamba kuitana ndinabwerera mu tenti. Ndikafika kumeneko ndi thumba la pulasitiki lokha, ndidzayambira pati? Ntchito pa galaja ya esiteti munanena nokha kuti sakulemba. Ndiyambe ndaona ngati abwana atsegula.

Amake Tisungeni za ulendo aiwale.

Mutipempherere.

Reinford


Germiston
29 Juni 2008

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino ndi amayi, ndiponso kuti chiperoni sichikupweteketsa bondo. Kalata yanu ndinalandira pa adiresi ya galaja. Zikomo pomuperekeza nokha Zakeyu. Ndamva kuti zala ziwiri sizikupindika ndipo adokotala akuti adikire. Ine ndili bwino, chifuwa cha ku matenti chikutha.

Mwalamula kuti ndibwere. Ndawerenga kangapo, ndipo sindikunyoza mawu anu. Koma ndiloleni ndikuuzeni mmene zilili, kenako muweruze.

Abwana anatsegula galaja kumayambiriro a mwezi uno, ndipo anabwera okha kudzandifuna ku matenti. Andipatsa kachipinda kosungira matayala, ndimo ndikugona. Kamanunkha labala koma kali ndi chitseko chachitsulo. Galimoto ya a Madlala ndinaipeza mmene ndinaisiyira Lachisanu lija, boneti chitsegulire, manifodi ili pa tebulo, mabawuti m'chitini.

Ndinatenga manifodi kupita nayo padzuwa, n'kusuzumira mkati. Silikoni uja ndinapaka mu Febuluwale, pomanga anafinyikira mkati n'kuuma. Kachidutswa kake, kochepa ngati chikhadabo, kanalendewera pakamwa penipeni pa kabowo ka kapaipi kaja, kogwira mbali imodzi ngati chitseko. Injini ikamalira payokha mpweya umadutsa m'mbali, n'chifukwa chake chala changa chinkamva kuyamwa. Waya ankangokakankha n'kudutsa. Koma tebo ikakankha mpweya mwamphamvu, kankakanikizidwira m'bowomo n'kutsekeratu, ndiye phazi likachoka valavu sinkamva kanthu. Miyezi inayi, Ababa, kanthu koti ndinakachotsa ndi zala ziwiri. Ndinawaonetsa abwana pachikhatho. Anayang'ana, anati, "Silikoni ndinakupatsa ndine, wopaka wambiri ndiwe." Ndinati n'zoona. Nkhani inathera pomwepo.

Ndinapala zonse, kuika gasiketi yoyenera ija youma, kumanga. A Madlala anabwera Lachitatu, anati ndikwere tikayese limodzi. Titangotuluka pa geti, giya yachiwiri, tshii. Yachitatu, tshii. Tinapita pa msewu waukulu, kubwerera, sinaphonye ngakhale kamodzi. Tebo nayo yapulumuka, kachiphokoso kaja n'kochepa, akuti aziyenda nako.

Pobwerera sanakhotere ku galaja, analowa mu lokeshoni. Sanandifunse. Ana anathamangira galimoto monga kale, akukuwa kuti yachira, yachira. Anaima pakhomo pawo. M'chipinda chathu muli munthu wina, makatani ena. Mayi wa tomato wa pa ngodya uja, amene tinkagula kwa iye tsiku ndi tsiku, anafika pa windo, anati, "Malawi, wabwera? Unasowatu." Pa Lamulungu lija ndinamuona ndi maso anga kudzera pa kampata ka chitseko cha minibasi, atasenza matiresi a anzathu a ku Mozambiki. Ndinamuyankha kuti ndabwera.

A Madlala anati, "Tsika, umwe tiyi. Chipinda china chituluka kumapeto a mwezi." Ndinati zikomo, koma pali ntchito ina yondidikira pa galaja. Analiza galimoto. Njira yonse yobwerera kunkamveka valavu yokha.

Abwana andilemba ngati makaniko kuyambira mwezi wa mawa, Loweruka osagwira. Kalata ya mapepala alemba, koma akuti ndiyenera kutuluka kaye m'dziko muno kuti zikonzeke, ndiye mwina mudzandiona mu Disembala. Pamenepo tidzakhala pansi, inu, ine ndi amake Tisungeni, mudzanene. Panopa ndiloleni ndigwire. Ndatumiza marandi 500. Zana limodzi mupatse Zakeyu, musanene kuti lachokera kwa ine, angakane. Nandolo akauma musachedwe kuthyola, mbuzi za a Blackson mukuzidziwa.

A Madlala asamutsira maminibasi awo onse pa galaja pathu, akuti azigwira ndine. Lachisanu anabweretsa yoyamba, ya mabuleki. Ndi yomwe ija. Nditatsegula chitseko ndinapeza pansi, kuseri kwa mpando wachiwiri, pamene panagona Zakeyu, banga lidakalipo, lada. Anthu akhala akukwera mwezi wonse, kupondapo. Ndinatenga ndowa, sopo ndi bulashi, ndinayamba ndatsuka pamenepo, kenako ndinagwira mabuleki.

Zimenezi Zakeyu musamuuze.

Ine mwana wanu,
Reinford